Khan Academy ndi yabwino kwa ana osewera mpira, bola aphunzitsi aziwasankhira mitu

Mwana wa Fomu 3 kapena 4 amene ali mu timu ya sukulu amaphonya maphunziro apa ndi apo chifukwa cha maulendo a masewera. Pa masamu zimenezi zimapweteka msanga, chifukwa wophonya factorisation akafika pa quadratic equations amangoyang'ana bolodi. Khan Academy, webusayiti ndi app yophunzirira pa intaneti, imatseka bwino mipata yotereyi. Ndi yaulere, ndipo mavidiyo ambiri ndi a mphindi 10 kapena kucheperapo, oti mwana atha kumaliza ali m'basi.

Kuti iyende bwino, aphunzitsi kapena akochi atsegule akaunti ya mphunzitsi, apange kalasi, kenako apatse ana class code, kodi yolowera m'kalasiyo. Akatero atha kupereka ntchito, kuika tsiku lomalizira, ndi kuona amene wachita ndi amene sanayikhudze. Mitu iwiri pa sabata ndi yokwanira nthawi ya mipikisano. Mukachulutsa, mwana wotopa ndi pulakatisi amangoisiya yonse.

Chofunika kudziwa ulendo usanayambe ndi ichi: mavidiyo amatheka kuwadawunilodi pa app n'kuonera popanda intaneti, koma mafunso oyeserera amafuna netiweki. Choncho adawunilodi dzulo lake, panjira aonere ndi kulemba zitsanzo m'kope, mafunso adzayankhe akabwerako.

Ana ambiri amalakwitsa pongoonera mavidiyo n'kumaganiza kuti amva. Musawerenge mphindi zomwe waonera, onani mlingo wake. Kuti afike pa Proficient, mlingo wosonyeza kuti mutu waudziwa, ayenera kukhoza mafunso onse a gawolo, ndipo akadina hint (thandizo lomulozera yankho) asanayankhe funsolo silimuwerengera. Zimenezi ndimazikonda kwambiri, chifukwa mwana sangadzinamize.

Pofooka pake ndi pa silabasi. Maphunziro anawasanja motsatira sukulu za ku America, monga Algebra 1, Geometry ndi Algebra 2, osati dongosolo la MSCE. Mwana mukamusiya yekha amathera nthawi pa mitu yomwe sidzabwera pa mayeso, ndipo nthawiyo wosewera mpira alibe. Mwana wa kuno aziphunzira zonse m'Chingerezi, ndipo Agriculture ndi Chichewa mulibemo. Mapepala akale a MANEB akufunikabe kuti azolowere kafunsidwe kake.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Pa masamu, Physics ndi Chemistry ndi yodalirika ngati aphunzitsi alemba okha mndandanda wa mitu yogwirizana ndi zomwe kalasi yaphunzira sabata imeneyo.