Pampu ya petulo ya Beetle yovuta kulira: zitatu zomwe ndayesa kuno ku Zomba

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimitsa ndi funso limodzimodzi. Womaliza anali mkulu wina wa Kombi yemwe tinapezana pamzere wa petulo. Anachita kutsika n'kubwera pawindo langa: "Achimwene, yanuyi imalira bwanji m'mawa popanda kukankha? Munaikamo pampu yanji?" Mzere unali ukuyenda, ndinawayankha mothamanga, ndiye ndati ndilembe zonse bwinobwino.

Yanga ndi Volkswagen Beetle ya 1974, injini ya 1600, yopangidwa ku Uitenhage ku South Africa. Anandisiyira ndi malemu bambo anga. Matenda ake anali awiri. Ikakhala masiku anayi kapena asanu osayenda, sitata inkazungulira mpaka batire kufooka injini isanalire. Petulo wa m'kabureta amakhala atauma, ndipo pampu ya pa injini sikoka kanthu pokhapokha injiniyo ikuzungulira. Thanki ili kutsogolo, injini kumbuyo, petuloyo ali ndi ulendo ndithu. Matenda achiwiri ndi a kutentha. Mwakwera msewu wa ku Chawe pa giya yachiwiri mwezi wa Okutobala, mwazimitsa mphindi khumi kuti mugule zipatso kwa ana a m'mbali mwa msewu, pobwerera yakana. Fani yoziziritsa injini yaima, kutentha konse kwa injini kwakwera m'pampu ndi m'kabureta, petulo wawira.

Ndiyambe ndi pampu yomwe inandipweteka mtima, ya pa injini yatsopano yotchipa.

Ndinaigula m'sitolo ina ku Limbe. Inali yonyezimira, yopanda dzina la kampani, yomatidwa moti simungaitsegule. Ndinamufunsa wogulitsayo kawiri konse ngati ikugwirizana ndi yanga, iye nati, "Bwana, iyi imakwana Beetle iliyonse." Pamabauti inakwanadi. Chimene sanandiuze n'chakuti mapampu amenewa alipo a mitundu iwiri, malingana ndi chotchajira batire chomwe galimoto ili nacho. Galimoto ya dainamo imakhala ndi pampu yoima chilili, yokankhidwa ndi kachitsulo kotchedwa pushrod ka mamilimita 108. Ya alternator ili ndi pampu yaifupi yopendekeka pang'ono, ndipo pushrod yake ndi ya mamilimita 100. Yanga ndi ya dainamo, koma anandipatsa pampu ya alternator, ine n'kuimanga pa kachitsulo kanga kakatali komwe kaja. Mamilimita 8 okhawo ndi amene anatsala pang'ono kundidyera injini.

Sabata yoyamba ndinkayamikira. Kenako fungo la petulo linayamba kumveka m'galimoto, utsi wakuda kumbuyo, mapulagi akuda bii ngati kunsi kwa mphika. Ndinkaganiza kuti ndi choke. Ndinapita nayo ku Liwonde n'kubwerako ili chomwecho. Tsiku lotsatira m'mawa nditasolola dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, ndinaona oyilo wapitirira mzere wapamwamba, pomwe ine sindinathiremo. Ndinadontheza pachala n'kutikita: anali wamadzimadzi, wosanata n'komwe, akununkha petulo yekhayekha. Ndinakhala pansi pakhonde kwa kanthawi. Injini imeneyi imangonyamula malita awiri ndi theka a oyilo, ilibe fyuluta yeniyeni koma kasefa kawaya pansi, ndipo oyiloyo ndi amene amathandizanso kuiziziritsa. Ndinali nditayenda kutentha kwa kuchigwa kuja ma bearing akusamba petulo.

Madala ena a ku Chinamwali, omwe anagwira magalimoto amenewa kuyambira ali mnyamata, anamangirira geji yoyezera mphamvu yomwe pampu ikukankhira petulo pakati pa pampu ndi kabureta. Muvi unapitirira 5 psi. Kabureta ya Solex 34 PICT-3 imafuna pafupifupi 3 psi basi. Ikaposa pamenepo kasingano ka float, kotseka petulo kabureta ikadzaza, kamalephera kutseka, petulo n'kumasefukira kukhosi kwa kabureta, kutsikira m'masilinda mpaka mu oyilo. "Mwanawe," anatero madalawo, "pampu iyi ikumwetsa injini mokakamiza." Ndinataya oyilo kawiri, ndinagula mapulagi anayi ndi kasingano katsopano, kuphatikizapo ya ntchito. Nditabwerera nayo ku Limbe anandiuza kuti chinthu chomwe chamangidwa kale pagalimoto sichibwezedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpaka lero ndikadutsa pasitolopo mtima umandiwawa, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma poti ndinafunsa kawiri ndipo munthu anandiyang'ana m'maso.

Sindikunena kuti zatsopano zonse n'zoipa. Mnzanga wina ali ndi ya Brosol ya ku Brazil ndipo sadandaula. Koma iliyonse yomwe mwagula, onani kaye utali wa pushrod, pakani girizi kunsi kwake, ndipo yezani ndi geji musanapite patali. Mphamvu yake ikakwera pang'ono, kuwonjezera gasiketi imodzi kapena ziwiri pansi pa pampu kumaitsitsa.

Yachiwiri ndi yakale ya Pierburg, yomwe inabwera ndi galimotoyi. Ndinaipeza m'bokosi la zitsulo la bambo, itakulungidwa m'kansalu kakuda ndi oyilo. Iwo sankataya chitsulo. Ubwino wake ndi masikuluwu: mumaimasula, kusintha diaphragm (kalabala kopopa petulo) ndi magasiketi, kutsuka kasefa kake, n'kuimanganso. Nditaiika geji inaima pomwe kabureta imafuna popanda kuinyengerera. Pogula zida zake funsitsani ngati labala wa diaphragm amapirira ethanol. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo kenako kunabwera ina ku Chikwawa. Labala wamakedzana amauma n'kung'aluka naye, ndipo diaphragm ikabooka petulo amagwera mu oyilo mwakachetechete. Mapaipi a petulo nawonso chimodzimodzi. Chomwe chinandidzidzimutsa ndi mtengo wofikitsira kaphukusi kakang'onoko kuno kuchokera ku Johannesburg: yonyamulira ndi msonkho pamodzi zinaposa mtengo wa zidazo. Ndikanadziwa ndikanaitanitsa ziwiri, kapena kugawana ndi anzanga.

Koma Pierburg, ngakhale ndimaikonda chotere, siichiza matenda a m'mawa aja. Kabureta ikauma, iyonso imadikira sitata.

Apa m'pomwe yachitatu, pampu yamagetsi, imawina. Mukatembenuza kiyi imayamba kudzaza kabureta injini isanazungulire n'komwe. Ine ndinagula kabokosi kakang'ono ka Facet, ka mphamvu yochepa. Chenjerani ndi amene angakupatseni pampu yochotsa m'galimoto yamakono ya injection, chifukwa zimenezo zimakankha kupitirira 40 psi ndipo kabureta singapirire ngakhale mphindi imodzi. Pampu yamagetsi imakankha bwino kuposa kukoka, choncho malo ake ndi kutsogolo, munsi mwa thanki, ndi fyuluta petulo asanalowemo. Kuiika m'chipinda cha injini n'kungoiwotcha.

Wokugulitsani adzakuuzani mtengo wa pampu yokha. Sadzatchula relay, fyuzi, waya, mapaipi, zomangira mapaipi, ndi kachitsulo kotsekera pabowo ngati mwachotsa pampu ya pa injini pamodzi ndi pushrod yake. Ndipo pali chimodzi chomwe ndimachonderera aliyense kuti asadumphe: njira yoti pampu izime yokha injini ikazima. Ena amalumikiza kudzera pa switch ya oyilo, ena amaika relay yomvera coil. Ndaonapo zomangidwa molunjika ku kiyi ndipo thupi linandichita tsemwe. Paipi ikangovuka kumbuyoko, kapena mwachita ngozi kiyi ali chitsegulire, pampuyo imapitiriza kupopera petulo pa distributor ndi pa exhaust yotentha mpaka thanki kutha. Magalimoto amenewa ambiri atha ndi moto wa kumbuyo, ndipo poti injini ili kumsana kwanu, oyamba kuuona amakhala a m'galimoto yakumbuyo. Pachifukwa chomwecho kafyuluta ka petulo kapulasitiki musakapachike pakati pa pampu ndi kabureta, kulemera kwake kumazula kapaipi kamkuwa ka pakabureta.

Phokoso lake ndi kugogoda kwa "ti-ti-ti" komwe mumazolowera. Amene muli ndi zakale za 6 volt, onetsetsani kuti pampuyo ndi ya 6 volt. Ndipo dainamo ikasiya kutchaja muli pakati pa Namadzi ndi Thondwe usiku, pampu yamagetsi imadya nawo batire lomwe likufunika ku coil ndi ku nyale, pomwe ya pa injini sipempha magetsi ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake sindinalole kuchotsa Pierburg ya bambo. Ndiyo imayendetsa galimoto. Facet ili kutsogolo munsi mwa thanki, pampaipi womwewo, yolumikizidwa ku kabatani pansi pa dashboard kamene kamagwira ntchito pokhapokha chala chili pomwepo. Mtundu womwe ndinagula umalola petulo kudutsa ngakhale ili chizimire, koma funsani musanagule, chifukwa ina imatseka njira. Galimoto ikakhala sabata, ndimadina kabataniko mpaka kugogoda kuja kutayamba kuchedwa, kupondako accelerator kamodzi kuti choke itseke, n'kutembenuza kiyi. Imalira nthawi yomweyo. Ikakana chifukwa cha kutentha sindikhudza kabatani, ndimaponda accelerator mpaka pansi n'kuigwira pomwepo osapopa, sitata n'kumazungulira mpaka italira.

Kwa akulu a Kombi aja ndiwonjezere ichi: thanki yanu ili pamwamba, pafupi ndi injini, ndiye petulo amatsika yekha ngakhale popanda pampu, ndipo kasingano ka float kakatopa amadontha usiku wonse. Beetle nayo imatero mukaimika mphuno kumtunda, zomwe kuno ku Zomba n'zosavuta kuchita poti malo ambiri ndi otsetsereka. Kwathu ndimalowa pageti chafutambuyo kuti mphuno iyang'ane kumunsi, ndipo Loweruka lililonse ndisanalize ndimasolola dipstick n'kuinunkhiza.