Springfield, Quahog, South Park ndi Arlen: Kodi ndi Tauni Iti Yoyenera Kuitayira Nthawi?

Anzanga amene angoyamba kumene kuonera makatuni oseketsa a ku America, amene amapangidwira akuluakulu, akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti ayambire pati, popeza masewerowa ndi ataliatali pamene bandulo ya intaneti sichedwa kutha. Ine ndimawauza kuti asayang'ane kwambiri banja limene lili pakati pa nkhani, koma tauni imene banjalo limakhala, chifukwa munthu akatsatira sewero kwa zaka zambiri, amene amamugwira mtima ndi meya, wapolisi, mbusa ndi mwini bala. Matauni opeka amene ndikuwayerekeza ndi Springfield ya mu The Simpsons, Quahog ya mu Family Guy, South Park, ndi Arlen ya mu King of the Hill. Za kajambulidwe sindinenapo kanthu, popeza aliyense ali ndi maso.

Matauni atatu ali ndi kwawo kodziwika: Quahog ili ku Rhode Island, South Park ili kumapiri a Colorado, ndipo Arlen ili ku Texas. Springfield yokha ndiyo imabisa chigawo chake mwadala kuyambira pamene seweroli linayamba kuonetsedwa palokha mu Disembala 1989. Mu 2012 Matt Groening, amene anayambitsa The Simpsons, ananena kuti dzinali analitenga ku Springfield ya ku Oregon, pafupi ndi Portland kumene anakulira, komanso kuti analikonda chifukwa matauni a dzinali ndi ambirimbiri mu America. Mu filimu ya The Simpsons ya 2007, Ned Flanders, woyandikana nyumba ndi banja la a Simpson, ananena kuti Springfield imachita malire ndi Ohio, Nevada, Maine ndi Kentucky, zomwe n'zosatheka pa mapu alionse. Ena amati kumeneku n'kuzemba, koma ine ndikuona kuti kunapatsa alembi ufulu woika chipululu, gombe ndi phiri pamene nkhani yafunira.

Pa kuchuluka kwa anthu ndi mbiri, palibe tauni yofika pa Springfield. Ili ndi fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Bambo Burns imene inabala nsomba ya maso atatu, mulu wa matayala umene wakhala ukuyaka kwa zaka zosawerengeka, meya wa katangale dzina lake Quimby, komanso mdani wake wakalekale, tauni ya Shelbyville, imene inawabera mtengo wa mandimu mu gawo la 1995. Anthu ake amapusitsika pamodzi, amakwiya pamodzi, ndipo amathamangira ku holo ya tauni kukagwirizana pa chinthu chopanda nzeru, monga pamene anagula sitima ya njanji imodzi kwa tambwali mu 1993. Gawo limene ndimalilemekeza kwambiri ndi la 1996, mmene Lisa, mwana wamkazi wa m'banja la a Simpson, anatulukira kuti Jebediah Springfield, woyambitsa tauniyo, anali chigawenga cha panyanja chotchedwa Hans Sprungfeld, koma ataona mmene bodzalo limagwirizanitsira anthu, anasankha kusaulula. Nkhani yotere siingalembedwe pa tauni imene ilibe makolo ake.

Komabe tauni yomweyi ndiyo inandipweteka kuposa zonse, ndipo mpaka lero sindinaikhululukire. Mu Seputembala 1997 munatuluka gawo lotchedwa "The Principal and the Pauper", limene linatiuza kuti mphunzitsi wamkulu Seymour Skinner, amene tinamudziwa kwa zaka zisanu ndi zitatu monga msilikali wa nkhondo ya ku Vietnam woopa mayi ake, sanali Skinner ayi. Anali mwana wamasiye wotchedwa Armin Tamzarian amene anatenga dzina la mkulu wake wa kunkhondo pomuyesa wakufa. Skinner weniweni atabwera, anthu a m'taunimo sanamukonde, anamumangirira pa mpando, anamukweza pa sitima ya katundu n'kumuthamangitsa, ndipo woweruza analamula kuti wina aliyense asadzatchulenso nkhaniyi.

Chimene chimandiwawa si nthabwalayo, koma zimene inachita ku magawo onse a m'mbuyo. Nthawi iliyonse imene Skinner ankanjenjemera pamaso pa Agnes, mayi ake aja, tinkaseka chifukwa tinkakhulupirira kuti ameneyo ndi mayi amene anamulera, ndipo alembi anagulitsa chikhulupiriro chimenecho posinthanitsa ndi kuseka kwa mphindi makumi awiri. Harry Shearer, amene amalankhula mawu a Skinner, nayenso anadandaula poyera za gawoli, choncho dandaulo langa si la ine ndekha. Zinali ngati mfumu kusonkhanitsa mudzi wonse, kulengeza kuti nduna yake ndi mlendo wonamizira, kenako n'kulamula kuti m'mawa mwake aliyense aiwale zimene wamva. Chaka chotsatira tauni yonse inanyamulidwa n'kusamutsidwa mtunda wa mamailosi 5 itadzaza ndi zinyalala, ndipo kuchokera pamenepo ndinayamba kuona kuti eni ake sakuisamaliranso monga kale.

Quahog ili ndi mtengo wobisika umene palibe amakuchenjezani. Seth MacFarlane, amene anayambitsa Family Guy, anaphunzira ku Providence, likulu la Rhode Island, ndipo nyumba zitalizitali za mzindawo zimaoneka kumbuyo kwa nyumba ya a Griffin, banja limene lili pakati pa seweroli, koma nthabwala zambiri sizichitikira m'tauniyo n'komwe. Nkhani imadulidwa pafupipafupi kuti ationetse kachithunzi kokhudza woimba kapena wosewera wina wa ku America wa m'ma 1980, ndipo woonera amene sanakulire kumeneko amayenera kuimitsa kanema n'kupita pa intaneti kukafufuza kuti ameneyu ndani. Bandulo imatha kawiri, poonera ndi pofufuza, ndipo pofika pomvetsa, kuseka kumakhala kutazizira. Peter, bambo wa banjalo, akhoza kumenyana ndi nkhuku yaikulu mpaka kugumula theka la tauni, koma chithunzi chotsatira zonse zili m'malo mwake. Galu Brian anafa mu Novembala 2013 n'kubwezeretsedwa mu Disembala wa chaka chomwecho. Chimene ndimaiyamikira Quahog ndi meya wake wosokonekera mutu, Adam West, amene ankalankhulidwa ndi wosewera m'mafilimu Adam West weniweni kufikira imfa yake mu 2017.

South Park, imene Trey Parker ndi Matt Stone anaiyambitsa mu 1997, imatha kupanga gawo m'masiku asanu ndi limodzi, choncho imaluma nkhani zikadali zotentha, koma zina zimakalamba msanga, ndipo mawu ake si oti muonere pamodzi ndi ana kapena apongozi.

Arlen ndiyo tauni yoona mtima pa zonsezi, ngakhale ambiri amaiderera chifukwa cha kufatsa kwake. Hank Hill amagulitsa gasi wophikira, madzulo amaima pampanda ndi anzake Dale, Bill ndi Boomhauer akumwa mowa, ndipo zochitika zimakhala ndi zotsatira zake. Bambo ake a Hank, Cotton, atamwalira mu 2007 sanaukitsidwe. Seweroli litabwereranso pa Hulu, malo oonerapo makanema pa intaneti, mu Ogasiti 2025, anthu ake anali atakula, Hank ndi mkazi wake Peggy atabwerako ku Saudi Arabia, ndipo mwana wawo Bobby ali wophika ku Dallas. Kuseka kwake n'kwa pang'onopang'ono, ndipo tauniyo ndi yopapatiza poyerekeza ndi Springfield.

Mwachilungamo Arlen ikanayenera kupambana, koma ine ndikuperekabe malo oyamba kwa Springfield, chifukwa zaka zake zabwino palibe tauni ina inazifikapo. Amene akufuna kuyamba atenge magawo a kuyambira 1991 mpaka pakati pa 1997, ndipo akatha pamenepo asamukire ku Arlen. Quahog ndi yoonera gawo limodzi apo ndi apo pamene palibe china, ndipo gawo la Armin Tamzarian lija alilumphe.