Thandizo lolerera ana kwaulere ku New Mexico: ndalama zilipo, malo a makanda ndiwo asowa

Kuyambira pa 1 Novembala 2025, banja lokhala ku New Mexico, ku America, likhoza kupempha boma kuti lizilipira malo osungirako ana masana, posayang'ana kuti banjalo limapeza ndalama zingati. Mwa zigawo 50 za dzikolo, New Mexico ndiye inayamba kuchita zimenezi. Tikaliyeza ngati thandizo limene kholo limafuna Lolemba m'mawa, maganizo athu ndi awa: pa nkhani ya mtengo palibe chodandaula, pa kalembetsedwe ndi losavuta kwa munthu wokonzekera mapepala, koma pa kupeza malo a khanda losakwana zaka ziwiri ntchito idakalipo yambiri.

Amene analengeza ndondomekoyi mu Sepitembala 2025 ndi bwanamkubwa Michelle Lujan Grisham, ndipo dzina lake ndilo linamveka m'nkhani. Koma maziko ake anakumbidwa ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Santa Fe, likulu la chigawochi, kwa zaka zambiri. Mu 2019 anakhazikitsa unduna woona za ana aang'ono okhaokha, wotchedwa Early Childhood Education and Care Department, kapena ECECD mwachidule, ndipo seneta Michael Padilla anali patsogolo pa bilu imeneyo. Undunawu unayamba ntchito mu Julayi 2020. Chaka chomwecho phungu Doreen Gallegos wa ku Las Cruces ndi seneta John Arthur Smith anabweretsa bilu yotsegula thumba la ana aang'ono, lomwe linayamba ndi madola 300 miliyoni ndipo limalandira zotsala za msonkho wa mafuta ndi gasi. Pofika 2025 thumbalo linali litayandikira madola 10 biliyoni.

Nkhondo yaitali kwambiri inali ya thumba lina lakale, la Land Grant Permanent Fund, lomwe limadyetsedwa ndi ndalama zochokera pa malo amene boma lalikulu la America linapatsa New Mexico isanakhale chigawo mu 1912. Aphungu Antonio Maestas ndi Javier Martínez ankabwera chaka ndi chaka ndi pempho loti pa thumbali pazitapidwa ndalama zowonjezera za ana, ndipo linkafera ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo ya chigawochi. Linadutsa mu 2021, ndipo mu Novembala 2022 anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amene anavota anavomereza kusintha malamulo oyendetsera chigawocho. Tsopano chaka chilichonse amatapa 1.25 peresenti yowonjezera, ndipo magawo 60 pa 100 a ndalamazo amapita ku maphunziro a ana aang'ono, 40 otsala ku sukulu za boma. Dziwani kuti aphungu a ku New Mexico salandira malipiro a pamwezi, amangopatsidwa ya tsiku akakhala pa ntchito, ndipo amakumana masiku 60 chaka china, masiku 30 chaka chotsatira. Bilu ikaphonya nyengo yake, yadikira chaka chathunthu. N'chifukwa chake zinthu ngati zimenezi zimatenga zaka khumi.

Nanga kholo limapeza chiyani? Boma limalipira mwachindunji kwa wosunga mwana, ndalama sizidutsa m'manja mwa kholo. Ana oyenera ndi a milungu 6 mpaka zaka 13, kutanthauza kuti ngakhale maola a pambuyo pa sukulu ndi nthawi ya tchuthi zikhoza kulowamo. Ndalama yochepa imene banja linkathirirapo inachotsedwa kale mu 2022 kwa mabanja opeza mpaka kanayi mlingo wa umphawi wa boma lalikulu. Mu 2025 mlingowo unali madola 32,150 pachaka kwa banja la anthu anayi, choncho malire anali madola 128,600. Chimene chinasintha mu Novembala 2025 ndi chakuti malirewo anachotsedwa. Boma linati banja lizipulumutsa pafupifupi madola 12,000 pa mwana mmodzi pachaka. Nambala imeneyi muitenge mosamala: kwa banja lopeza zochepa lomwe linali kale mu ndondomekoyi palibe chasintha, opindula atsopano ndi a pamwamba pa malire aja.

Mawu akuti "aliyense" ali ndi mchira. Makolo amayenera kukhala akugwira ntchito, akuphunzira kapena akufunafuna ntchito. Pali ena amene samafunsidwa zimenezi, monga agogo amene akulera zidzukulu ndi mabanja osowa pokhala. Koma banja limene kholo limodzi linasankha kukhala pakhomo lisaganize kuti lingolembetsa basi.

Kulembetsa kumachitika pa intaneti kapena ku ofesi ya ECECD ya m'dera. Zofunika kukhala nazo pamanja ndi chiphaso cha kholo chokhala ndi chithunzi, umboni wa kubadwa kwa mwana aliyense, umboni woti mumakhaladi ku New Mexico, mapepala a malipiro aposachedwa, ndondomeko ya maola a ntchito kapena a sukulu, ndi dzina la malo amene mwana azikasungidwa. Ambiri amadabwa kuti amafunsidwabe za malipiro pomwe malire anachotsedwa. Chifukwa chake n'chakuti gawo lina la ndalamazi limachokera ku boma lalikulu, lomwe lili ndi malamulo ake a amene ayenera kupindula, ndiye undunawu umayenera kudziwa kuti banja lililonse lilipiridwa kuchokera m'thumba liti. Pempho likavomerezedwa limakhala la miyezi 12, kenako mumalembetsanso.

Malo amene mapempho amatsamwa ndi odziwika. Ogwira ntchito yawoyawo, monga omanga ndi ogulitsa malonda, alibe pepala la malipiro la kwa bwana, ndiye amafunika kusunga kaundula wa zolowa ndi zotuluka pasadakhale. Ogwira ntchito ya mashifiti osinthasintha amavutika pa maola, chifukwa pangano limalembedwa potengera maola ofunikira pa sabata: maola akapanda kufika pa mlingo wotengedwa ngati tsiku lonse, boma limalipira pang'ono, ndipo osunga ana ambiri safuna kupereka malo athunthu pa malipiro ochepa. Kalata ya kwa bwana yonena maola enieni a mwezi wonse imathandiza kuposa pepala la sabata imodzi yomwe ntchito inali yochepa. Cholakwika china chofala ndi kusamutsa mwana osadziwitsa ofesi. Pangano limamangidwa pa dzina la wosunga mwana, choncho malo atsopano salipiridwa mpaka pangano lisinthidwe, ndipo masiku apakatiwo akhoza kugwera kholo.

Tsopano vuto lenileni. Kuvomerezedwa ndi boma sikupatsa mwana malo. Kholo limayenera kupeza lokha wosunga ana amene ali ndi mpata ndiponso amene amalandira malipiro a boma, pakuti palibe lamulo lokakamiza malo aliwonse kulandira. Ku Albuquerque, Santa Fe ndi Las Cruces mndandanda wa odikira malo a makanda umatalika, ndipo m'makaunti akumidzi, omwe ndi maboma ang'onoang'ono a chigawochi ndipo onse pamodzi alipo 33, muli madera amene malo ovomerezeka ndi owerengeka kwambiri. Chifukwa chake ndi masamu. Pa mlingo wotsikitsitsa wa chilolezo, mlezi mmodzi amasamala makanda osapitirira 6, pomwe ana a zaka zitatu amatha kufika 12 pa mlezi mmodzi. Malo amene akufuna nyenyezi zambiri pa sikelo ya ubwino yotchedwa FOCUS, yomwe imathera pa nyenyezi zisanu, amayenera kuchepetsanso chiwerengerocho. Chipinda cha makanda chimadya malipiro a alezi awiri pa ana amene chipinda cha okulirapo chikanawasamala ndi mmodzi, chimafunanso kabedi ka mwana aliyense ndi malo osinthira matewera okhala ndi posambira m'manja. Mwini malo akamawerengera, chipinda choyamba kutseka ndi chimenecho. Ndiye ukachotsa mtengo anthu ofuna malo amachuluka tsiku lomwelo, pomwe kumanga chipinda, kupeza chilolezo ndi kuphunzitsa mlezi kumatenga miyezi. Uphungu wosakoma koma woona ndi woti mayi alembetse pa mindandanda ingapo mimba ikadali yaing'ono.

Pano boma silinagone, ndipo tiyenera kuliyamikira pa chinthu chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Mu 2021 New Mexico inasiya kuika malipiro a osunga ana potengera mitengo ya pamsika. Njira yakaleyo inkapondereza madera osauka: kumene makolo satha kulipira zambiri mitengo imakhala yotsika, boma nalo limalipira zotsika, ndipo malo sakula. Njira yatsopano imawerengera ndalama zenizeni zoyendetsera malo, malipiro a alezi, lendi, chakudya ndi inshuwalansi. Polengeza za 2025 boma linalonjezanso malipiro okwererapo kwa malo amene amalipira alezi oyamba ntchito madola 18 pa ola ndi kutsegula maola 10 patsiku masiku asanu pa sabata, linaika madola 12.7 miliyoni a ngongole za chiwongoladzanja chochepa zomangira ndi kukulitsa malo, ndipo linavomereza lokha kuti pakufunika alezi ena pafupifupi 5,000. Alezi amenewo sagwa kumwamba, ndipo kum'mwera chakum'mawa, kumene kuli zitsime za mafuta, ntchito zina zimalipira koposa.

Njira imene mabanja ambiri akumidzi amaiphonya ndi ya nyumba zolembetsedwa. Agogo, azakhali kapena mnansi akhoza kulembetsa ku ECECD kuti azisunga ana osapitirira anayi ochokera kunja kwa nyumba yake, n'kumalipidwa ndi boma. Amafufuzidwa mbiri, iye ndi akuluakulu ena okhala m'nyumbamo, amaphunzitsidwa za chitetezo ndi chithandizo choyamba, ndipo nyumba imayenderedwa. Malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi a nyumba za chilolezo, zomwe zimasunga ana mpaka 6, kapena mpaka 12 zikakhala ndi wothandizira. Komabe kwa namwino wa usiku kapena wogwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, nthawi imene malo akuluakulu amakhala otseka, kawirikawiri imeneyi ndiyo njira yogwira. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi munthu mmodzi wa m'nyumbamo amene sanapite kukadinda zala.

Ku mbali ya uchembere, chithunzi ndi chosakanikirana. Kuyambira 2022 mayi amene ali pa Medicaid, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa, amapitiriza kuthandizidwa miyezi 12 atachira, m'malo mwa masiku 60 akale. Kusinthaku n'kwanzeru chifukwa mavuto ambiri opha amayi, monga kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kuvutika maganizo ndi mankhwala osokoneza bongo, amaonekera mwana ali kale m'manja, miyezi itapita. Mu 2025 aphungu anadutsitsanso lamulo lozindikira ma doula, anthu ophunzitsidwa kuperekeza mayi pa mimba ndi pobereka ngakhale si azamba, kuti Medicaid iziwalipira. Palinso ndondomeko yaulere ya alangizi oyendera mabanja pakhomo, yomwe ili pansi pa ECECD yomweyo, ndipo ndi bwino kuifunsa nthawi imodzi ndi thandizo lolerera ana. Koma khadi la inshuwalansi silifupikitsa msewu. Zipatala zina za m'matauni ang'onoang'ono zinatseka zipinda zochiriramo chifukwa chosowa madokotala ndi anamwino, ndipo amayi amayenda ola kapena kuposa ali ndi zowawa.

Mpata waukulu uli pa milungu yoyambirira. Malo osungira ana salandira khanda losakwana milungu 6, ndipo bilu ya tchuthi cholipidwa cha banja inagwa m'nyumba ya aphungu mu 2024 ndi mavoti 34 kwa 36, ndipo mu 2025 inadutsa kumeneko n'kukaima ku komiti ya zachuma ya Senate. Lamulo la boma lalikulu la FMLA limapereka tchuthi cha milungu 12 chopanda malipiro, ndiponso kwa okhawo amene agwira miyezi 12 ndi maola 1,250 kwa bwana wa antchito 50 kapena kuposa. Mayi wogwira m'lesitilanti yaing'ono sakwanira pamenepo.

Phungu wa dera angathandize pati? Sangalamule kuti pempho livomerezedwe, ndipo amene akuyembekezera zimenezo adzakhumudwa. Chimene ofesi yake imatha ndi kufunsa unduna kuti fayilo yaima pati, ndipo funso lochokera kwa phungu limayankhidwa msanga. Muwatumizire nambala ya fayilo, tsiku limene munapereka pempho ndi kalata yomaliza imene munalandira, osati nkhani yaitali. Aliyense ali ndi aphungu awiri, mmodzi mwa 70 a nyumba ya aphungu ndi mmodzi mwa maseneta 42. Mphamvu yawo ina yooneka ndi maso ndi ndalama za zomangamanga zimene aliyense amagawa m'dera lake chaka ndi chaka, zomwe zimapita ku misewu, mipope ya madzi ndi nyumba za boma. Mzinda, kaunti, sukulu kapena boma la mtundu wa eni nthaka lingapemphe ndalamazi kuti limange malo a ana, koma bizinesi ya munthu payekha singalandire mwachindunji chifukwa malamulo a chigawochi amaletsa boma kupereka mphatso kwa anthu wamba. Mapempho amakonzedwa nyumba isanatsegulidwe mu Januwale.

Funso limene aphungu ena a komiti ya zachuma anadzutsa ndi loyenera kulimva: ndondomekoyi yatsamira pa mafuta. New Mexico ndi yachiwiri kwa Texas pa kukumba mafuta ku America, makamaka m'makaunti a Lea ndi Eddy, ndipo mitengo ikagwa bajeti imagwedezeka. Matumba awiri aja amateteza ndithu, popeza ndalama zimatapidwa potengera avareji ya zaka zingapo osati ya chaka chimodzi, koma ndalama zoyendetsera thandizoli zimavomerezedwa ndi aphungu chaka chilichonse. Banja lopeza bwino limene likukonza bajeti ya zaka zitatu lisiye kampata ka ndalama yothirirapo, chifukwa zinthu zikathina mabanja a pamwamba ndiwo adzayambe kupemphedwa kulipirako.