Makhadi opanda mbali: kudzaza nawo deki, kuwasiyiratu, kapena kusankhapo ochepa?

Aliyense amene anamangapo deki (mulu wa makhadi amene mumasewera nawo) mu Hearthstone, masewera a makhadi a pakompyuta ndi pafoni, amaidziwa nthawi ija: mwaika makhadi 22 kapena 24 a gulu lanu, malo atsala ochepa kuti akwane 30, ndiye maso akuthamangira ku makhadi opanda mbali, aja amene gulu lililonse lili ndi ufulu wowagwiritsa ntchito. Pamalo otsalawo m'pamene madeki ambiri amawonongekera. Anzathu amagawikana patatu pa nkhaniyi. Ena amati tengani makhadi opanda mbali amphamvu onse amene muli nawo, gulu lingokhala dzina. Ena amati musawakhudze n'komwe. Ena amatenga ochepa, lililonse ndi ntchito yake. Njira zitatu zonsezi ndasewera nazo kwa nthawi yaitali, ndipo sizifanana ngakhale pang'ono pa zimene zimakupatsani ndi zimene zimakulandani.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri sachiona msanga. Khadi lopanda mbali nthawi zambiri amalipanga lofookerapo dala poyerekeza ndi la gulu lokhala pa mtengo womwewo. Taonani makhadi awiri a mana 6 (mana ndi mtengo umene mumalipira poseweretsa khadi) monga analili masewerawa atangotuluka mu 2014. Boulderfist Ogre, wopanda mbali, ali ndi mphamvu yomenyera 6 ndi moyo 7, basi. Savannah Highmane wa gulu la Hunter ali ndi 6 ndi 5, koma akafa amasiya afisi awiri a 2/2 pabwalo, kotero mdani ayenera kumupha katatu. Pa mana 4, Chillwind Yeti ndi 4/5 wopanda china chilichonse, pamene Water Elemental wa Mage ndi 3/6 ndipo aliyense amene wamugunda amauma, ulendo wotsatira samenya. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: khadi limene aliyense angathe kuliika likaposa makhadi a magulu, madeki onse amayamba kufanana. Choncho mukaika lopanda mbali pamalo pamene gulu lanu lili ndi lakelake, kawirikawiri mwalipira kale kanthu musanayambe kusewera.

Komabe njira yodzaza deki ndi makhadi opanda mbali ili ndi mfundo imodzi yolimba kwambiri, ndipo sindifuna kuipeputsa. Mfundoyo ndi fumbi, chuma cha m'masewerawa chimene mumasonkhanitsa kuti mupangire makhadi. Khadi la common limadya 40, la rare 100, la epic 400, la legendary 1600. Munthu amene wangoyamba kumene akasonkhanitsa 1600 movutikira n'kupanga legendary wa gulu limodzi, wadzimangirira ku gulu limenelo. Akapanga wopanda mbali, khadi lomwelo limutumikira mu deki iliyonse imene angamange. Ndipo nthawi zina opanga masewera amalakwitsa muyeso, n'kutulutsa khadi lopanda mbali loposa onse. Goblins vs Gnomes, seti ya makhadi atsopano, itatuluka mu December 2014 inabwera ndi Dr. Boom, wa mana 7, 7/7, wobwera ndi timabomba tiwiri ta 1/1 timene tikafa timavulaza mdani. Inabweranso ndi Piloted Shredder, 4/3 wa mana 4 amene akafa amatulutsa wankhondo wina wa mana 2. Chaka chonse cha 2015 makhadi awiriwa ankapezeka paliponse, ndipo amene ankawakana chifukwa chokonda gulu lake ankangodzipweteka yekha.

Vuto la njirayi limabwera pawiri. Poyamba, khadi limene aliyense akusewera ndi limenenso aliyense walikonzekera. Dr. Boom atachuluka, Big Game Hunter anachulukanso, chifukwa pa mana 3 okha ankapha wankhondo aliyense wa mphamvu 7 kapena kuposa. Inu mwadikira mpaka ulendo wachisanu ndi chiwiri, mwatsitsa chimphona chanu, mnzanu wachichotsa ndi mana 3 n'kutsala ndi ena oikira wankhondo wake. Kachiwiri, makhadi oterewa ndi amene amayamba kuchotsedwa. Mu 2017 Blizzard, kampani yopanga Hearthstone, inachotsa Azure Drake, Sylvanas Windrunner ndi Ragnaros the Firelord mu Standard, kaseweredwe kogwiritsa ntchito makamaka makhadi aposachedwa, n'kuwapititsa ku Hall of Fame, kumene ankaika makhadi ochotsedwa, chifukwa ankalowa m'madeki ochuluka kwambiri n'kutsekereza makhadi atsopano. Fumbi anabweza, zimenezo n'zoona, koma deki imene msana wake unali makhadi atatuwo inagwa tsiku limodzi. Ku Magic: The Gathering, masewera ena a makhadi, zinachitikanso chimodzimodzi mu January chaka chomwecho: Smuggler's Copter, khadi lopanda mtundu (ndiko kupanda mbali kwa kumeneko) la mana 2, linaletsedwa mu Standard chifukwa deki iliyonse yokhala ndi ankhondo inkalifuna.

Pali chinanso chimene sichioneka pa manambala. Deki yodzaza ndi makhadi amphamvu payekhapayekha imasewera bwino ulendo uliwonse, koma ilibe pamene imaphulikira. Ikakumana ndi deki imene makhadi ake amakokerana, imatsogola mpaka pakati, kenaka mnzanu amalumikiza makhadi atatu ulendo umodzi n'kukudutsani.

Sol Ring wa mu Commander, kaseweredwe kena ka Magic, ndimamuika payekha. Mumalipira mana 1, iye n'kumakupatsani 2 ulendo uliwonse, ndipo alibe mtundu. Apo palibe chotsutsana, ingomuikani.

Njira yachiwiri, yokana makhadi opanda mbali onse, ndi imene imandikoka mtima kwambiri, ngakhale sindiilimbikitsa kwa aliyense. Mu Gwent, masewera enanso a makhadi, anaipatsa dzina lake, Devotion, imene inabwera ndi seti ya Master Mirror mu 2020: makhadi ena amapeza mphamvu yowonjezera pokhapokha ngati deki yanu ilibe khadi lopanda mbali ngakhale limodzi. Hearthstone inali itayesa kale zofanana mu December 2019 ndi Lightforged Zealot wa Paladin, wa mana 4, amene amakupatsani lupanga la 4/2 kwaulere ngati deki yonse ndi ya Paladin yekha. Mnzake Lightforged Crusader, 7/7 wa mana 7, amakuikirani makhadi asanu a Paladin m'manja. Mphotho zimenezi si zazing'ono. Wankhondo ndi chida pa mana 4 ndi makhadi awiri pa mtengo wa limodzi.

Koma werengani bwino zimene mwasiya pakhomo. Mu Gwent, wosewera Devotion alibe Korathi Heatwave, khadi lochotseratu chilichonse chimene mdani wadalira, alibe Royal Decree kapena Oneiromancy zokatengera khadi limene akulifuna mu deki. Tsiku limene gulu lake lilibe yankho pa chinthu china, alibe koti akabwereke. Ndiponso mphothoyo ili pa makhadi owerengeka mwa makhadi 25 a deki ya Gwent. Akapanda kubwera m'manja, mwalipira mtengo wonse osalandira kanthu. N'chifukwa chake ndimati njirayi ndi yabwino pokhapokha zinthu ziwiri zikakumana: mphotho yolembedwa pa khadi ilipodi, ndiponso gulu lanu lili ndi makhadi okwanira odzaza malo onse popanda kutolera zinyalala. Ndaona anzathu akukana makhadi opanda mbali mu deki yopanda mphotho iliyonse yotere, akuti n'kukhulupirika ku gulu lawo. Kumva ndimamva, koma masewerawo sakupatsani kalikonse pa kukhulupirika kumeneko.

Njira yachitatu ndi imene ndimaiyimira kumbuyo. Mangani deki ndi makhadi a gulu lanu poyamba, iseweretseni, muone pamene ikudontha, kenaka itanani khadi lopanda mbali kudzatseka bowo limenelo. Funso lisakhale lakuti khadili ndi lamphamvu kodi, koma lakuti likuchita chiyani chimene gulu langa silingathe. Paladin wa masiku oyamba ankavutika kuchotsa chimphona chimodzi mwachindunji, ndiye Big Game Hunter anali ndi malo ake oyenera. Gulu lovutika kukoka makhadi linkapeza mpumulo mwa Azure Drake, 4/4 wa mana 5 amene amakukokerani khadi limodzi. Gulu lopanda chotsekera mphamvu za wankhondo wa mdani linkatenga Ironbeak Owl. Loatheb wa mu seti ya Naxxramas, 5/5 wa mana 5 amene amakweza matsenga a mdani ndi mana 5 ulendo wotsatira, ankagulira deki yothamanga ulendo umodzi wokha umene inkafunika kuti imalize ntchito.

Apa pali msampha wake, ndipo ndinagwamo ine. Nthawi ina ndinagonja katatu motsatizana kwa madeki a zimphona, mtima unapsa, ndinaika Big Game Hunter awiri. Imeneyi inali 2016, atamukweza kale kufika mana 5. Masewera otsatira ndinakumana ndi Hunter wothamanga. Ulendo wachinayi moyo wanga unali utatsika kale, pabwalo pake pali tiankhondo tating'onoting'ono tinayi, palibe ndi kamodzi komwe kofika mphamvu 7. M'manja mwanga munali makhadi anayi, awiri mwa iwo ndi Big Game Hunter anga aja. Ndinatsitsa mmodzi ulendo wachisanu ngati 4/2 wamba, anafa pomwepo ndi kawankhondo ka mana 1, ndipo ulendo wachisanu ndi chiwiri sindinaufike. Zinandipweteka chifukwa malo awiriwo ndinachotsamo makhadi a gulu langa amene akanasesa tiankhondo tonseto.

Yerekezani ndi Acidic Swamp Ooze. Ntchito yake n'kuphwanya chida cha mdani, koma ndi 3/2 wa mana 2, thupi loti ngakhale mdani alibe chida mukhoza kulitsitsa ulendo wachiwiri osataya kanthu. Kusiyana kwa makhadi awiriwa ndiko ndimayesera khadi lililonse lopanda mbali tsopano. Sindiyang'ana tsiku limene lagwira ntchito yake, chifukwa tsikulo lililonse limaoneka lokoma. Ndimayang'ana tsiku limene lasowa chogwira: kodi likadali khadi loti n'kuliseweretsa, kapena langokhala mwala m'manja?

Masamu nawonso amathandiza kuziziritsa mtima. Mukayamba ndinu kusewera, mumalandira makhadi 3, ndipo pofika ulendo wachisanu mwaona makhadi 8 mwa 30, tikapanda kuwerengera kusinthitsa kwa poyamba. Khadi limene mwaika limodzi lokha mwayi woti lafika m'manja ndi pafupifupi 27 pa 100. Mukaika awiri umakwera kufika pafupifupi 47 pa 100. Ndiye ganizani: mdani amene mwamukonzekera mumakumana naye mwina kamodzi pa masewera asanu, ndipo mwa masewera amenewo yankho lanu limafika pa nthawi yake kamodzi pa anayi. Malo amodzi a mu deki mwawapereka kuti akupulumutseni kamodzi pa masewera makumi awiri. Musanaike khadi lotere, lembani papepala magulu amene mwakumana nawo m'masewera 20 apitawa. Ngati theka anali ndi zida, Ooze alowe, mwina ndi Harrison Jones yemwe, amenenso amaphwanya chida. Ngati anali atatu okha, chimene chikukukakamizani ndi mkwiyo wa dzulo.

Pali makhadi ena opanda mbali amene salowa m'njira zitatuzi, ndipo kuwasokoneza ndi otseka mabowo ndi kulakwitsa kwakukulu. Reno Jackson wa mu 2015 amakubwezerani moyo wonse, koma deki isakhale ndi makhadi awiri ofanana. Prince Keleseth wa mu 2017 amawonjezera 1/1 kwa ankhondo onse otsala mu deki, koma musakhale ndi khadi lina la mana 2. Prince Renathal wa mu 2022 anakulitsa deki kufika makhadi 40. Amenewa sabwera kudzathandiza, amabwera kudzalamula. Mukawaika, makhadi ena onse amasankhidwa pomvera iwo, ndipo pamenepo n'zomveka kuti makhadi opanda mbali achuluke, chifukwa deki ya Reno imafuna makhadi 30 osiyanasiyana ndipo gulu limodzi kawirikawiri silikwanitsa lokha. Ndawina masewera ndili ndi moyo 2 chifukwa cha Reno, ndagonjanso ambiri iye ali pansi penipeni pa deki. Amene akufuna njirayi alandire zonse ziwiri.

Kwa mnzanga amene wangoyamba, wopanda fumbi lokwanira, ndinganene kuti dzazani ndi opanda mbali popanda manyazi, ndipo legendary wanu woyamba akhale woti alowe m'madeki angapo. Koma gulu limodzi likayamba kukukomerani, muziwachotsa mmodzimmodzi pamene makhadi a gululo akubwera. Wokonda Devotion kapena Paladin woyera ayambe wawerenga makhadi a mphotho amene ali nawo. Akakhala awiri okha, adikire kaye. Deki imene ndikusewera pano ili ndi makhadi opanda mbali asanu: awiri okokera makhadi, awiri a mana 2 chifukwa gulu langa ndi lofooka poyambira, ndi limodzi lophwanya zida. Lophwanya zidalo ndalilemba kale kuti lituluka, chifukwa m'masewera 20 omaliza ndakumana ndi chida kanayi kokha.