Polowetsa memory ndi SIM patatha miyezi isanu ndi inayi: chapirira nchiti, chagonja nchiti

Chida chikakhala chatsopano, polowetsa khadi paliponse pamagwira bwino. Kusiyana kumaoneka chikadutsa m'fumbi la Okutobala, mvula ya kuno ku Mzuzu yomwe imachedwa kusiya, ndi chifunga cha m'mawa wa Juni. Zida zinayi zomwe tikuziunika pano zagwira ntchito tsiku ndi tsiku nyengo zonsezo: kafoni ka mabatani kosinthidwa SIM pafupipafupi monga amachitira ma ejenti a Mpamba ndi Airtel Money, foni ya tachi yokhala ndi thireyi yoikamo makhadi, kawailesi kotchaja koimba nyimbo za mu memory, ndi card reader ya USB ngati ija amathirira nyimbo m'mashopu a mumsika. Chilichonse chimalandira khadi m'njira yakeyake, ndipo chilichonse chakalamba mosiyana.

Khadi ya memory, yotchedwa microSD, ndi ya mamilimita 15 m'litali, 11 m'lifupi, 1 kuchindikala kwake. Ili ndi timizere 8 tonyezimira, ndipo kamzere kalikonse kamakumana ndi kachala ka mkuwa kopindidwa ngati sipuling'i, kokutidwa ndi nickel kenako golide wopyapyala kwambiri. Ntchito yonse yagona pa mphamvu yomwe kachalako kamakanikiza nayo khadi. Timizereti timatchedwa mapini: pini 4 imabweretsa magetsi, pafupifupi 3.3V, pini 6 ndi ground (pobwerera magetsi), pini 5 ndi clock (yosunga nthawi yotumizira data), pini 3 imanyamula malamulo, zinayi zotsalazo ndi misewu ya data. Apa pali msampha womwe umataitsa anthu zithunzi. Chida chikamayamba kulankhula ndi khadi sichigwiritsa ntchito misewu yonse inayi, chimaitsegula yonse pambuyo pake. Ndiye kachala ka pa pini 1 kapena 8 kakafooka, khadi imaoneka kaye bwinobwino, kenako foni nkumati yawonongeka, ifufutidwe. Mwini wake amafufutadi, pomwe wodwala si khadi ayi.

Kawailesi ndiko kanagonja koyamba, m'mwezi wachisanu. Malo ake ndi a push-push: mukankha khadi igwira, mukankhanso ituluka. Mkati muli kabokosi kotsetsereka, sipuling'i yozungulira, ndi kawaya kopindika komwe nsonga yake imayenda mu kanjira kosemedwa mu pulasitiki ngati chithunzi cha mtima. Nsongayo ikagwera pa mphako ya mtimawo khadi imatsekeka. Mukakankhanso imadutsa mbali ina nkumasula sipuling'i. Opanga ambiri amalemba kuti malo otere amapirira kulowetsa ndi kutulutsa ka 10,000, ndipo kawailesika sikanayandikire nkomwe nambala imeneyo. Chinakagwetsa ndi fumbi. Pakamwa pake mpoyasama, popanda chivindikiro. Fumbi la chilimwe linadzaza kanjira kaja, chinyezi cha dzinja nkulisandutsa phala. Kawaya kanasiya kugwera pa mphako, khadi nkumalavulidwa nthawi iliyonse.

Mankhwala omwe ambiri amathamangira, kupanikiza khadi ndi kapepala kapena kamtengo ka machesi, amangowonjezera nthenda. Chigoba chachitsulo chapamwamba chimatukuka, mpata pakati pa khadi ndi tizala nkukula. Enanso amasolola khadi ndi zikhadabo osaikankha kaye, zomwe zimapinda kambedza kogwira pa mphako ya m'mbali mwa khadi. Kumapeto kwa malowo kulinso kaswichi ka timasamba tiwiri tachitsulo kouza chida kuti khadi yalowa. Timasambato tikachita dzimbiri, nyimbo zimadukaduka kawailesi kakangogwedezeka, monga pa kabaza wodutsa msewu wafumbi wa ku Mchengautuwa kapena Zolozolo. Ndipo miyendo yachigoba yowotcheredwa pa bodi ya mkati mwa chida imasweka pang'onopang'ono chifukwa kukankha konse kumathera pa iyo. Kuyesa kwake nkosavuta: kanikizani chigoba ndi kamtengo kotokosera m'mano nyimbo zikuimba. Zikabwerera, vuto lili pa sodala, mtovu wowotcherera miyendoyo. Cholakwika china nchamapangidwe basi: bowo la pa pulasitiki yakunja ndi lalikulu kuposa pakamwa pa malo a khadi, kotero khadi ikalowa mopendama imadutsa pamwamba nkugwera m'mimba mwa wailesi.

Dziwaninso kuti kawailesi kakakana khadi ya 64GB si kuti malo ake afa. Makhadi opitirira 32GB amabwera ndi kasungidwe ka mafayilo kotchedwa exFAT, pomwe tiwailesi tambiri timangowerenga ka FAT32.

Mu kafoni ka mabatani memory imagona pansi pa kachitseko kachitsulo: mumakatsetsereza pang'ono, kukadzutsa, kuika khadi, kukagoneka, nkukatsetserezanso kuti katseke. Malo amenewa atha miyezi yonseyi ali oyera ngati atsopano, chifukwa ali pansi pa batire. Ubwino wina ngwakuti simungachotse khadi foni ili moyaka, ndiye mafayilo saonongeka pakati pa kulembedwa. Mdani wake ndi dzanja lothamanga. Munthu akadzutsa kachitseko asanakatsetsereze, timakutu take tiwiri timatuluka m'malo mwake, ndipo ngakhale mutatibwezera kachitseko kamakhala kokhota, kosakanikiza mokwanira.

Malo a SIM a kafoni komweko ndiwo anavulala, ndipo chifukwa chake nchofunika kuchimvetsa. Makhadi a masiku ano amabwera odulidwa katatu: nano ya mamilimita 12.3 ndi 8.8 ili mkati mwa felemu ya micro, ya micro ili mkati mwa yaikulu ya 25 ndi 15. Mukatulutsa nano nkuibwezera kangapo, felemu imakhwepa. Kachidutswa kapakati kamakwera kapena kumira pang'ono, nkusiya mpata. Posolola khadi, kachala kamagwera mu mpatawo, mphepete mwa pulasitiki nkukakoka chakumbuyo. Felemu yopanda kanthu mkati ndiyo yoipitsitsa, imakola tizala tingapo nthawi imodzi. Pa tizala 6 tomwe malo ambiri a SIM ali nato, tisanu sitingasowe: magetsi, reset, clock, ground ndi data. Kamodzi kakaduka, foni imangoti ikani SIM. Khadi ikakana kutuluka, osaikoka ndi mphamvu. Lowetsani kapulasitiki kopyapyala pakati pa khadi ndi tizala kuti katigoneke, musolole zonse pamodzi. Kwa wosintha SIM tsiku lililonse, kachidutswa ka selotepi kuseri kwa khadi, kumbali yopanda golide, kamagwira zidutswa zitatuzo pa mlingo umodzi. Kakhale kamodzi kokha, kosapindikira kutsogolo.

Thireyi ya foni ya tachi yatuluka bwino koposa zonse pa nkhani ya chinyezi. Pakhosi pake pali kamphira kotseka mpata, khadi siikhudzana ndi tizala mopendama chifukwa thireyi ndiyo imaiongolera, ndipo imatsegulidwa mwa apo ndi apo. Komatu imafuna khadi ya muyezo wake. Nano yeniyeni ndi yochindikala mamilimita 0.67, pomwe SIM yakale yodulidwa ndi lumo imakhalabe 0.76. Kusiyanako nkochepa m'maso, koma nkokwanira kuti thireyi ilimbe potuluka. Choopsa kwambiri ndi luso lija lomatira kachitsulo ka SIM pamsana pa memory kuti thireyi ya malo awiri inyamule zinthu zitatu. Zimagwiradi kwa kanthawi, koma tizala timaphwanyidwa mpaka kusiya kudzuka, ndipo tsiku lomwe mudzaike khadi wamba simudzapeza netiweki. Potsegula gwiritsani kapini kake kapena pepakilipi yoongoledwa. Singano ndi yosongoka kwambiri, imaphonya kachitsulo kokankhira thireyi. Yang'aninso bowo lomwe mukubaya, chifukwa la maikolofoni limafanana nalo. Kukonza malo a thireyi ndiko kodula kuposa ena onse, popeza nthawi zambiri amakhala pa bodi yaikulu pakati pa tizida tina tosapirira kutentha.

Card reader yalandira makhadi ambiri kuposa zida zitatuzo kuziphatikiza, koma ikugwirabe. Mulibe sipuling'i, mulibe kambedza, khadi imagwidwa ndi tizala tokha. Golide wapansonga wayamba kutha, nickel ikuoneka, ndipo khadi siigwira mothina ngati kale, komabe ikuwerenga. Dandaulo lili pa bowo lake lalikulu la SD polowetsa adaputala. Kaloko ka m'mbali mwa adaputala, koletsa kulemba pa khadi, sikalumikizana ndi magetsi aliwonse. Kaswichi ka mkati mwa reader ndiko kamakhudza pomwe kalokoko kali. Kakakhwepa kamatsetsereka kokha polowa, kompyuta nkukana kulemba. Pomwe pali bowo la microSD, adaputala ndi katundu wachabe: malo okhudzana 8 amasanduka 17.

Poyeretsa, zimitsani chida ndi kuchotsa batire ngati imachoka. Gwiritsani isopropyl (mtundu wa sipiriti wopanda utoto) ya 90% kapena kuposa, kaburashi kofewa, ndi kachidutswa ka pepala loyera konyowetsedwa kolowetsa ndi kutulutsa kangapo. Dikirani mphindi khumi musanayatse. Sipiriti wapepo amasiya utoto, malovu ndi mpweya wa m'kamwa zimabzala dzimbiri, ndipo sandipepa imachotsa golide yense m'kanthawi kochepa. Kachala kogona mungakadzutse ndi nsonga ya singano pansi pa galasi lokuza, pang'ono chabe. Kakapindidwa kawiri katatu kamaduka. Poyeza pini 4 ya malo a memory ndi mita muyembekezere pakati pa 2.7V ndi 3.6V, koma mafoni ambiri amatumiza magetsiwo khadi ikangolowa nkuwadula ikapanda kuyankha, ndiye mita ikhale pamalo khadi isanalowe.

Zikafika posintha malo onse, musagule chifukwa choti akufanana pamwamba. Ena amalandira khadi golide atayang'ana pansi, ena m'mwamba. Mwendo wa kaswichi umakhala kumanzere kapena kumanja, ndipo kaswichi kena kamatseka khadi ikalowa pomwe kena kamatseguka. Mukaika wosiyana, chida chimaona khadi pomwe mulibe, nkusaiona pomwe ilimo. Bodi yakufa ya mtundu womwewo ndiyo gwero lodalirika. Pochotsa, ikani flux (mankhwala othandiza sodala kuyenda bwino) yokwanira, phimbani tizida tapafupi ndi tepi yosapsa, ndipo musanyamule chigoba miyendo yonse isanasungunuke, apo ayi mudzazula timikuwa ta pa bodi pamodzi nacho.