WhatsApp Communities: Ndemanga kwa Omenyera Kusintha Zinthu mu Lilongwe

Kampani ya Meta, imene inagula WhatsApp mu 2014 idakali kudziwika ndi dzina la Facebook, inakhazikitsa gawo lotchedwa Communities mu Novembala 2022 kuti magulu angapo a anthu a cholinga chimodzi aziyendetsedwa pamodzi. Polengeza gawoli ankatchula masukulu ndi anthu oyandikana nyumba, koma ine ndaliyeza pa ntchito yovuta kuposa imeneyo, yosonkhanitsa anthu a mu Lilongwe amene maganizo awo pa ufulu wa amayi, pa chilango cha imfa, pa lamulo la kuchotsa mimba ndi pa ufulu wa okondana amuna kapena akazi okhaokha amasiyana ndi a anthu ambiri owazungulira.

Munthu wa maganizo otere mumzinda uno amadziwa bwino kuti ali m'kagulu kochepa. Mu Disembala 2016 mipingo inatsogolera zionetsero zotsutsa bilu yofewetsa lamulo la kuchotsa mimba, ndipo mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kuikambirana ku Nyumba ya Malamulo. Mu Julayi 2023 atsogoleri a zipembedzo anayendanso m'misewu kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, kenako mu Juni 2024 khoti lomasulira malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti malamulo oletsa maubwenzi amenewa apitirire kugwira ntchito. Chotero mphunzitsi wa ku Kawale kapena namwino wa ku Area 25 amene akuona zinthu mwa njira ina amangokhala chete kumphakati, pamaliro ndi kuntchito, ndipo nthawi zambiri sadziwa kuti mnzake wokhala naye pa benchi imodzi akuganiza monga iye.

Ubwino woyamba wa Communities ndi wakuti safuna kuti munthu aphunzire chinthu chatsopano. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp otsika mtengo kuyerekeza ndi a intaneti yonse, ndipo pafupifupi aliyense wokhala ndi foni yamakono ali nayo kale pulogalamuyi. Kapangidwe kake ndi koyeneranso ntchito yathu. Pamakhala gulu limodzi la zolengeza limene ma admin okha ndi amene amayambitsamo uthenga, ndipo pansi pake pamakhala magulu ang'onoang'ono amene munthu amasankha kulowa, lililonse lotha kutenga anthu 1,024. Izi zimathetsa vuto lakale la gulu limodzi lalikulu, mmene uthenga wa tsiku la msonkhano unkakwiririka ndi mikangano ya usiku wonse. Okonda kuwerenga malamulo amakhala kwawo, okonza zoyendera odwala amakhalanso kwawo, koma chilengezo chimafika kwa onse. Kuyambira 2024 n'zothekanso kuika msonkhano ndi tsiku lake kuti anthu ayankhe ngati adzabwera, zimene zimathandiza kwambiri mumzinda womwazika ngati uno, mmene wochokera ku Chinsapo ndi wochokera ku Area 49 amafunika kudziwiratu ngati ulendo wa minibasi ziwiri uli ndi phindu. Uthenga wa mawu nawo umapatsa mpata amene salemba msanga, ngakhale kuti ena amautalikitsa kufikira mphindi zimene palibe amene amazimvetsera mpaka kumapeto.

Nkhani ya chinsinsi ndi imene ndikufuna owerenga aiganizire mofatsa, chifukwa ambiri amaimvetsa molakwika. N'zoona kuti mauthenga a pa WhatsApp amatsekedwa kuchokera pa foni ya wotumiza kufikira pa foni ya wolandira, moti kampani ya foni ngakhale Meta yeniyeniyo siingawawerenge. Koma chitetezo chimenechi chili ngati loko wolimba pa geti, amene amaletsa wodutsa mumsewu koma sachita kanthu kwa mlendo amene mwamutsegulira nokha. Membala aliyense angathe kujambula zimene zili pa sikirini n'kuzitumiza kwa abusa anu, kwa abwana anu kapena kwa apongozi anu, ndipo pulogalamuyi siidzakudziwitsani kuti wina wachita zimenezo. Tiyenera kukumbukiranso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo pali anthu amene anamangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Chofooka chachikulu, m'kuona kwanga, ndi nambala ya foni. M'gulu la zolengeza nambala yanu imabisika kwa mamembala wamba ndipo imaoneka kwa ma admin, koma mukalowa m'gulu laling'ono onse a mmenemo amaiona. Kumayiko ena zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma kuno sim khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika kuyambira 2018, ndipo wotumiza ndalama pang'ono pa nambala yanu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba amaona dzina lanu. Lilongwe, ngakhale ndi likulu la dziko, ndi mzinda umene anthu amadziwana kudzera kumpingo, kusukulu ndi kumudzi, choncho dzina lokha ndi lokwanira kuti munthu adziwe kumene mumagwira ntchito. Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga, ili bwino pa mbali imeneyi, popeza kuyambira 2024 imalola munthu kubisa nambala n'kugwiritsa ntchito dzina lodzisankhira, koma bandulo ya WhatsApp siigwira ntchito kumeneko, ndipo anthu ambiri salola kukhala ndi mapulogalamu awiri pa foni yodzaza kale.

Zida zochepetsera ngozi zilipo, ndipo zimagwira ntchito yake. Mauthenga angaikidwe kuti azifufutika okha pakapita maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Admin angakonze zoti aliyense wofuna kulowa adikire chilolezo, ndipo munthu angatseke macheza ena ndi chala kapena nambala yachinsinsi, zimene n'zofunika m'nyumba zathu mmene foni imodzi imadutsa m'manja mwa mwamuna, mkazi ndi ana. Makope a macheza amene foni imasunga pa intaneti, ku Google Drive kapena iCloud, satsekedwa mofanana pokhapokha mwiniwake atatsegula yekha chitetezocho.

Pa funso lakuti kodi Communities imamangadi gulu, yankho langa ndi lakuti imasonkhanitsa anthu koma siiwagwirizanitsa. Magulu amene amangotumizirana nkhani zokwiyitsa amatentha kwa milungu ingapo kenako n'kuzizira, pamene amene amakhalitsa ndi aja amagwiritsa ntchito pulogalamuyi kukonza zokumana maso ndi maso, kaya pa tiyi kunyumba ya mmodzi, kaya poyenda ku Lilongwe Wildlife Centre, ndiponso amasonkherana membala akaferedwa. Ndili ndi nkhawa inanso yakuti gulu lotsekeka limazoloweretsa anthu kulankhula ndi okhawo ogwirizana nawo, mpaka kuyamba kunyoza achibale awo opemphera, chonsecho ambiri mwa mamembala ndi opempheranso. Kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017, kumene kunatseka mpata wokwatitsa ana osafika zaka 18, kunatheka pamene omenyera ufulu anagwira ntchito limodzi ndi mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati ambiri a ana m'dera lake. Ntchito yotero siingachitikire m'gulu limene mfumu kapena mbusa sangalowemo.

Kwa ofuna kuyamba, ndikuvomereza Communities pa zolengeza, pa kukonza misonkhano ndi pa zokambirana zimene mungathe kuzibwereza pagulu popanda mantha. Musafalitse linki yolowera pa Facebook, ndipo watsopano aliyense abwere ndi membala womudziwa. Ma admin akhale osachepera awiri, chifukwa admin ali ndi mphamvu yochotsa munthu ndi kufufuta uthenga wa wina aliyense. Nkhani zokhudza munthu amene angataye ntchito, banja kapena ufulu wake zikadziwika, monga za umoyo wake kapena za amene amakondana naye, zisalembedwe m'gulu lililonse ngakhale laling'ono, koma zikambidwe pamaso ndi anthu ochepa amene mwiniwake wawasankha.