Muse 2: kalamba kamamva bata la m'mutu, koma pemphero sikalifika

Muse 2 ndi kalamba kopepuka kovala pamphumi, kokola kuseri kwa makutu ngati magalasi, kothandiza munthu posinkhasinkha. Kampani ya InteraXon ya ku Toronto inakatulutsa mu 2018. Kali ndi masensa anayi omvera magetsi a ubongo, awiri pamphumi ndi awiri kuseri kwa makutu. Sensa iliyonse imawerenga ka 256 pa sekondi n'kutumiza ku foni pa Bluetooth.

Musanavale, pukutani mafuta odzola pamphumi, nyowetsani khungu ndi timadzi, ndipo kankhani tsitsi la kuseri kwa makutu, chifukwa sensa yogona patsitsi siimva kanthu. Apu ya Muse ya pa foni imayamba yakumvetserani kaye kanthawi mutatsinzina, kuti ipeze poyambira. Kenaka mumamva nyengo m'mahedifoni: maganizo akabalalika mphepo ndi mvula zimakula, mukadekha zimaleka, mbalame n'kuyamba kulira. Apa tikukayamikira ndithu. Munthu amazindikira msanga kuti maganizo athawa, n'kuwabweza.

Vuto lagona pa kuchepa kwa magetsiwo. Akamafika pakhungu amakhala timagawo makumi angapo chabe mwa magawo 1 miliyoni a volti imodzi, pomwe a minofu ndi amphamvu kuposa pamenepo. Kuphethira, kumeza malovu kapena kulimbitsa nsagwada kumaphimba zonse. Choncho wopemphera mokweza, woimba kapena wolankhula malilime, kalambaka kakuwerenga nsagwada zake, osati ubongo. Nako kuyamba kumene muli chipwirikiti kumasokoneza, pakuti apu imayerekeza zotsatira zonse ndi poyambira paja.

Ena amakafuna kuti aone zochitika m'mutu munthu akagwidwa ndi mantha aulemu pamaso pa Mulungu, ndipo apa m'pomwe kakuperewera. Wofufuza za ubongo Andrew Newberg, ali ku University of Pennsylvania, anajambula kayendedwe ka magazi mu ubongo wa Abuda a mwambo wa ku Tibet komanso masisitere a Chifransisko ndi makina a SPECT. Kutsogolo kwa ubongo, komwe kumagwira maganizo pa chinthu chimodzi, ntchito inakula. Kusintha kwina kunaoneka chakumtunda, pakati pa liwombo ndi nkhongo, mbali yothandiza munthu kudziwa pomwe thupi lake lathera. Iye anati n'kutheka ndicho chifukwa wopemphera mozama amamva ngati malire ake asungunuka. Muse 2 ilibe sensa pamenepo ngakhale imodzi.

Komanso pemphero silili la mtundu umodzi. Mu 2006 Newberg anajambula amayi asanu akulankhula malilime, ndipo ntchito ya kutsogolo kwa ubongo inatsika m'malo mokwera. Chaka chomwecho wofufuza wina, Mario Beauregard wa ku Montreal, anayeza masisitere 15 a Chikarimeli ndi makina ojambula ntchito za ubongo otchedwa fMRI, napeza mbali zambiri zikugwira ntchito limodzi, osati kachigawo kamodzi kokha koona za Mulungu. Tsono chiwerengero cha mbalame chomwe apu imapereka pomaliza chisakhale muyeso wa kuzama kwa pemphero la munthu. Zimatipweteka mtima kuganiza kuti wina angadziyese wosapemphera bwino chifukwa mbalame sizinalire.

Kwa wofuna kuzolowera kukhala chete mphindi 10 asanayambe kusinkhasinkha, kalambaka n'kothandiza. Maphunziro ena a mu apu ndi olipira. Wofuna kuona mafunde enieni a magetsi a ubongo aike apu ina, Mind Monitor, yomwe imaonetsa za sensa iliyonse payokha n'kuzisunga m'fayilo yotsegulika pa kompyuta.